Kodi ana ndiwaonetse gule wa "Abraham" mu Holiday Inn, kapena tingomudumpha?

Abale ndi alongo a pagulu pano, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene yatigawanitsa pabanja pathu. Khirisimasi iliyonse timasonkhana kwa achemwali anga kuno ku Leeds n'kuonera limodzi filimu yakale ya nyimbo ndi magule, ndipo chaka chino tinasankha Holiday Inn ya mu 1942, ya Bing Crosby ndi Fred Astaire, imene nyimbo yake ya White Christmas inapata mphoto ya Oscar.

Usiku wathawu ndinati ndiyambe ndaionera ndekha, ndipo zonse zinkayenda bwino mpaka pa gule wa "Abraham", wokumbukira tsiku lobadwa la Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, pa 12 February. Crosby amatulukira atadzipaka zakuda kumaso, a bandi nawonso chimodzimodzi, kenako Marjorie Reynolds amabwera tsitsi litamangidwa timichira toima njo, ngati chidole chosekera mwana wa munthu wakuda. Chimene chinandilasa mtima kwambiri n'chakuti Louise Beavers, mayi wakuda amene akusewera ngati wantchito wa pa nyumba ya alendo ya m'filimuyo, amamuonetsa payekha akuimbira ana ake awiri, kutali ndi bwalo limene azungu akuvinira atavala khungu lake. Ndinaimitsa filimuyo pomwepo ndipo tulo sitinabwere msanga.

Alamu anga akuti tionere yonse, chifukwa m'nkhaniyo munthu amene Crosby akusewera amamupaka zakuda mtsikana amene Reynolds akusewera pofuna kumubisa kwa mnzake amene akumufunafuna, komanso nyimboyo ikutamanda Lincoln pomasula akapolo. Ine kufotokozaku sikukundikhutiritsa, pakuti wolemba akanatha kumubisa mtsikanayo m'njira zina zambirimbiri. Komabe kudumpha mwakachetechete kukundivutanso, poti kukhala ngati ndikuwanamiza ana kuti filimuyi ilibe chilema. Ana anga ali ndi zaka 9 ndi 12, ndipo wamng'onoyo ndi yekha wakuda m'kalasi mwake. Inu mukanatani?

Yankho la bambo wina: Mayi, dumphani ndipo musadziimbe mlandu. Mawayilesi ena a kanema ku America akhala akuchotsa gawoli kwa zaka zambiri, ndipo pamene nkhaniyi inaseweredwa pa siteji ku Broadway, mumzinda wa New York, mu 2016, nyimboyi sanaiikemo n'komwe. Tsiku la chikondwerero si loti mwana wa zaka 9 akhale pakati pa anthu akuluakulu akuyang'ana chipongwe chonyoza khungu lake.

Yankho la mayi wina, mphunzitsi: Ine ndikusiyana nawo pang'ono abambowa. Wayilesi ya kanema ya ku America yotchedwa Turner Classic Movies imaionetsa yonse osadula, ndipo ndikuona kuti pali nzeru pamenepo, chifukwa magule odzipaka zakudawa anasangalatsa anthu ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1830, ndipo ngakhale BBC inkaonetsa pulogalamu yotere mpaka mu 1978. Wamkuluyo adzakumana nazo ndithu pa intaneti, choncho kuli bwino azimve koyamba kwa mayi ake. Koma musachite zimenezi pa Khirisimasi pali chigulu. Sankhani tsiku lina, mukhale naye awiriwiri, mumuuze zimene aone asanaone, ndipo mumulole afunse.

Mwini funso: Zikomo nonse awiri. Za BBC zandidzidzimutsa, chifukwa zikutanthauza kuti agogo a anzake a mwana wanga ankaonera zimenezi m'nyumba zawo kuno komwe. Ndikuganiza zoti pa Khirisimasi tidumphe gawolo, koma ndinene poyera kuti tadumpha ndiponso chifukwa chake, kenako wamkuluyo ndidzaonere naye sukulu isanatsegulidwe. Chimene chatsala ndi alamu anga, poti nyumba ndi yawo ndipo rimoti imakhala m'manja mwawo. Alipo amene anakambapo nkhani yotere ndi munthu wamkulu pabanja popanda kuyambana naye, andiuze mmene anaiyambira?