Gulu la ana a Thyolo ndi Mulanje ku Joni: kusiya nsima ndi shuga, sabata yoyamba

Mayi a Tadala (Germiston): Abale, pano ambiri alowa Banting, kadyedwe kochepetsa thupi kosiya pap (nsima), buledi, mpunga ndi shuga. Tsiku lachitatu ena akudandaula mutu ndi chizungulire. Odziwa tithandizeni.

Bambo a Chisomo (Durban): Asisi, kawirikawiri si malungo. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi magalamu 400 mpaka 500, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi okwana magalamu atatu. Mukasiya zakudya zokhutitsa, nkhokwe imeneyi imatha m'masiku awiri kapena atatu, madzi aja n'kutuluka ndi mkodzo. Nthawi yomweyo insulin (imene imatsitsa shuga m'magazi) imatsika, impso zimayamba kutaya mchere wambiri. Mutu, kufooka, mdima m'maso ukadzuka mwachangu, mtima kugunda mofulumira, zonsezi gwero lake ndi madzi ndi mchere. Kilo imodzi kapena awiri otsika pasikelo sabata yoyamba ambiri ndi madzi, mafuta amabwera pambuyo.

Mayi a Tadala: Ndiye angomwa madzi ambiri?

Bambo a Chisomo: Madzi okha amawonjezera vuto, chifukwa mchere wotsala uja umasungunuka. Malita awiri kapena atatu patsiku, koma pamodzi ndi mchere. Theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu kapu yaikulu ya madzi, kapena kapu ya msuzi wa mafupa kapena mapazi a nkhuku wothira mchere bwino, m'mawa musanapite kuntchito. Ngati mutu unali wa mchere, nthawi zambiri umapepuka pasanathe ola.

Anganga a Luchenza (Cape Town): Pamchere apo tisathamange, ana anga. Amene ali ndi BP kapena vuto la impso asawonjezere mchere payekha. Wakumwa mapiritsi okodzetsa ngati hydrochlorothiazide, madzi amatuluka kawiri, BP n'kutsika mpaka kugwa. Choopsa kwambiri ndi wa matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide kapena gliclazide: akasiya nsima mankhwala ali omwewo, shuga amagwa. Kunjenjemera, thukuta lozizira, kusokonezeka mutu, makina oyezera shuga kusonyeza pansi pa 3.9, pamenepo Banting iiwalike kaye. Masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, dikirani mphindi 15, yezaninso. Wa mankhwala a shuga a empagliflozin kapena dapagliflozin asayambe n'komwe, magazi amatha kuchita asidi ngakhale shuga akuoneka wabwino. Onsewa apite kukiliniki ndi khadi lawo asanasinthe kadyedwe. Oyembekezera ndi oyamwitsa, siyani.

Achimwene a ku Chitakale (Pretoria): Ine nkhawa yanga ndi anyamata a ntchito yomanga ndi a m'mafamu. Wokwera sikafodi kapena wonyamula simenti padzuwa asadule zonse tsiku limodzi. Sabata ziwiri zoyamba mphamvu zonyamulira zolemera zimachepa ndithu, ndipo chizungulire uli pamwamba si nkhani yaing'ono. Yambani ndi zotsekemera: zakumwa za m'mabotolo, magwinya (mandasi a kuno), ndi tiyi wathu uja wa masipuni anayi a shuga, sipuni iliyonse ndi magalamu 4. Sabata yachiwiri buledi, kagawo kamodzi kali ndi sitachi pafupifupi magalamu 15. Yachitatu mitanda ya nsima ichoke pa itatu kufika umodzi, udyedwe masana pamene ntchito ili. Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi sitachi yopitirira magalamu 70, pomwe Banting yeniyeni imafuna pansi pa 50 tsiku lonse. Koma munthu wa ntchito ya manja safunika kufika pamenepo kuti mimba itsike. Ngati mwatsimikiza kudula zonse, yambani Lachinayi kuti masiku oipawo agwere Loweruka ndi Lamlungu.

Mayi a Tadala: Nanga kudzimbidwa ndi miyendo kukokana usiku?

Achemwali a ku Bvumbwe (Johannesburg): Zimenezo zimagwira amene angosanduka a nyama ndi mazira okha. Theka la mbale likhale masamba: kabichi, sipinachi, morogo amene ndi bonongwe wathu yemwe uja, nkhwani, therere. Therere ndiye limafewetsa m'mimba bwino. Peyala limodzi patsiku limabwezera potassium, kusiyana ndi nthochi zathu za ku Thyolo zomwe imodzi ili ndi shuga ndi sitachi zopitirira magalamu 20. Mtedza dzanja limodzi, kapena kutendera masamba ndi nsinjiro, umapereka magnesium yothandiza kukokana. Macadamia ndi wabwinonso, koma kuno mtengo wake ndi wina ngakhale timalima kwathu. Nandolo, nyemba, chinangwa ndi mbatata ziwerengedwe ngati zokhutitsa, osati ndiwo zaulere. Ndipo musaope mafuta: mukachotsa nsima n'kuchotsanso mafuta, njala imakubwezani kwa magwinya tsiku lachinayi. Zotsika mtengo ndi mazira, pilchards zam'chitini, ziwindi za nkhuku, amasi omwe ndi chambiko, ndi usipa wobwera pa basi.

Bambo a Chisomo: M'kamwa kununkha ngati mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo ndi acetone, thupi likuwotcha mafuta. Kumachepa pakapita sabata zingapo. Ogwira m'nyumba za mabwana ndi m'malesitilanti, tsukani lilime, imwani madzi pafupipafupi, tafunani chingamu chopanda shuga. Mowa umaledzeretsa msanga nthawi imeneyi.

Anganga a Luchenza: Zonsezi ziyenera kupepuka pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri. Koma kusanza kosaleka, kupuma mofulumira, kupweteka pachifuwa, kukomoka, kapena kutentha thupi, zimenezo si za Banting. Makamaka amene wangobwera kuchokera kumudzi, kutentha thupi ndi mutu akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo anene kukiliniki kuti wachokera ku Malawi.

Mayi a Tadala: Zikomo akuluakulu. Awiri pano ali pa mankhwala a shuga, ndiwauza apite kukiliniki Lolemba asanapitirize.