Thandizeni, kabuluzi kanga ka bearded dragon sikakudya ndipo kakundithawa

Tiya_Chilomoni

Muli bwanji nonse. Ndakhala ndikungowerenga kuno osalemba kanthu koma lero ndavutika ndithu. Mnzanga wakuntchito amasunga abuluzi aja a ku Australia otchedwa bearded dragon, nde wamkazi anaikira mazira nkuswa, wandipatsako kamwana kamodzi Lachitatu lapitali. Akuti kali ndi miyezi iwiri ndi theka, kutalika kwake kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira ndi ngati masentimita 20. Ndakatcha Kadzuwa.

Vuto ndi loti kuyambira tsiku lomwe kanabwera kadya ziwala zitatu basi. Ndinakaika mu thanki yagalasi yomwe kale munali nsomba, pansi ndinathira mchenga wa kumtsinje womwe ndinausefa bwinobwino, ndaikamo mwala ndi kanthambi, pamwamba babu lomweli la mnyumba. Thankiyo ili pawindo kuti kazilandira dzuwa. Koma tsiku lonse kamangokhala pakona maso ali tsinzi, ndikangolowetsa dzanja kamathamanga nkumadziwombetsa pagalasi, dzulo kanachita kuyasamula kukamwa nkutupitsa pakhosi mpaka pakhosipo kuda bii. Ndinakadulira letesi ndi kabichi sikanayang'aneko nkomwe. Mayi anga akuti ndikabweze komwe ndinakatenga, ati m'nyumba ya anthu simukhala gulo, koma ine ndakakonda kale ndipo mtima ukundipweteka kukaona kakufooka mmanja mwanga. Mnzangayo wapita ku Mzuzu kumaliro sindikufuna kumuvutitsa ndi mafoni. Alipo amene anasungako? Kamadya chani kwenikweni, nanga ndipange bwanji kuti kandizolowere?

Mavuto_Nyambadwe

Achemwali musataye mtima, ine wanga ali ndi zaka zinayi tsopano ndipo anayamba chimodzimodzi. Sabata yoyamba pamalo achilendo ambiri sadya bwino, zimenezo zisakuopseni kwambiri. Chomwe chandidetsa nkhawa pa zomwe mwalembazi ndi kuzizira. Tili mu June, Chilomoni m'mawa mukuidziwa nokha mmene imakhalira chiperoni chikabwera, ndipo kanyamaka kwawo ndi pakati pa Australia kouma ndi kotentha. Thupi lake silipanga kutentha palokha ngati lathu, chakudya chimagayika mmimba pokhapokha kakaothera mokwanira. Kakazizidwa sikamva njala ndipo ngakhale kadye chakudyacho chimangokhala mmimba osagayika. Nde musanaganize zoti kadye chani yambani mwakonza moto wake.

Babu lanulo ngati ndi la LED kapena ma energy saver aja silitulutsa kutentha. Pezani babu la halogen kapena akale aja otentha, muliike mbali imodzi ya thanki pamwamba pa mwalawo, pamwalapo pazifika madigiri 38 mpaka 42. Mbali inayo izikhala yozizirirapo, cha mma 25 mpaka 28, kuti kakatenthedwa kazithawirako. Osamangoyeza ndi dzanja, gulani thermometer, dzanja limanama. Babu liziyaka maola 12 masana, usiku muzithimitsa kagone mumdima, bola mchipindamo musatsike pansi pa madigiri 18.

Chachiwiri ndi UVB, kuwala kwina kosaoneka ndi maso komwe kumapezeka mu dzuwa, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Kuwala kumeneku nkomwe kumathandiza thupi lake kupanga vitamini D3 yoti kashiamu alowe mmafupa. Galasi la pawindo silidutsitsa UVB, ndiye pawindopo kakungoona kuwala koma sikakupindula kanthu, komanso dzuwa likawomba pa thanki yagalasi mkati mumatentha ngati mu uvuni kakhoza kufa masana amodzi okha. Ichotseni pawindo. Popanda UVB ndi kashiamu mafupa amafewa, chibwano chimakhala ngati labala, miyendo kumanjenjemera, msana kupindika, ndinaonapo wina atafika pamenepo moti ankangodzikwakwaza ndi mimba, sindifuna kuonanso zimenezo. Chubu cha UVB ine ndimaitanitsa ku Johannesburg ndi anthu a mabasi, chimafuna kusintha pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake ngakhale chikuyakabe. Podikira chubucho ife kuno tili ndi mwayi womwe anzathu a ku Ulaya alibe, dzuwa lenileni. Kakhazikike kaye masiku angapo kenako muzikatulutsa panja mu kakhola ka waya wa sefa, cha mma 10 koloko dzuwa litalimba, mphindi 20 kapena 30, mbali ina mutaphimba kuti pakhale mthunzi, ndipo inuyo mukhale pompo chifukwa mphaka ndi akhwangwala sachedwa.

Mchengawo chotsani lero lomwe. Tiana timeneti tikamagwira chiwala timameza ndi mchenga womwe nkutsekeka mmatumbo. Yalani nyuzipepala kapena matailosi otsala pomanga, nkosavutanso kupukuta.

NaBanda_Machinjiri

Ine buluziyo sindinasungepo koma mwana wa mchemwali wanga ali naye ndipo chakudya chake amatenga kwa ine nde ndinenepo za kudyako. Ndimaweta mphutsi za ntchentche zakuda zija za black soldier zodyetsa nkhuku, ndi zomwe amamupatsa kuyambira ali kakang'ono ndipo wakula bwino zedi, mphutsi zimenezi zili ndi kashiamu wambiri kuposa tizilombo tina komanso ndi zofewa. Zimagwedera mumbale ndiye buluzi akangoona amazithamangira. Ndimangozitsuka kaye ndisanampatse ndipo zake ndimazidyetsa gaga ndi makoko a masamba osati zinyalala zilizonse.

Mwana ngati wanuyo letesi ndi kabichi sangamukope, pa msinkhu umenewo chakudya chake chambiri ndi tizilombo tamoyo, kawiri kapena katatu patsiku, adye mmene angathere kwa mphindi 10 kenako zotsalazo muchotse zisagone mmenemo chifukwa nkhululu ndi ziwala zimamuluma usiku akagona. Akamakula ndi pomwe zimatembenuka, wamkulu amadya masamba kwambiri tizilombo pang'ono. Koma masambawo muziikabe tsiku lililonse kuti azolowere, mpiru wodula tating'onoting'ono ndi wabwino kwambiri, repu, nkhwani wanthete, dzungu lopala, papaya pang'ono mwa apo ndi apo. Letesi ndi madzi okhaokha mulibe kanthu. Sipinachi ayi, imamanga kashiamu. Peyala musayerekeze ngakhale kachidutswa.

Ndipo kukula kwa kachilombo muziyeza ndi mpata wa pakati pa maso ake awiri, koposa pamenepo nkakakulu. Mwina ziwala zanuzo zinamukulira nchifukwa anangodya zitatu.

Che_Jafali_Limbe

Koma abale ndifunseko mopanda chipongwe, agulo ali mbwee mmitengo ya mango kuno, mutu wabuluu kugwedeza mutu chimodzimodzi, nde kuvutikiranji ndi wa ku Australia wofuna mababu ndi machubu? Komanso chakudya si chovuta, madzulo ingoyatsani getsi pakhonde mutole chilichonse chobwera, mvula ikayamba ngumbi zaulere, kumunda ziwala ndi anunkhadala osawerengeka.

Mavuto_Nyambadwe

Che Jafali funso lanu ndi labwino ndipo nzoona kuti gulo wathuyu ndi bearded dragon ndi apachibale, onse ndi a banja limodzi la Agamidae nchifukwa chake amagwedeza mutu mofanana. Kusiyana kwake nkoti awa amene timasungawa anabadwira mmanja mwa anthu mibadwo ndi mibadwo, Australia inaletsa kalekale kutulutsa nyama zake zakutchire ndiye onse ali kunja kuno ndi oswedwa mmakhola, ndi ofatsa mwachibadwa. Gulo wa mu mtengo mukamutsekera amangodzivulaza mphuno pagalasi mpaka kufa, musiyeni mu mango mwakemo.

Koma zotola chilichonse pakhonde zija ndikukanitsitsa, pepani, pamenepo mukhoza kumuphetsa mwana wa achemwaliwa. Chiphaniphani chimodzi chokha chimapha bearded dragon, chili ndi poizoni wogwira mtima ndipo iye sadziwa kuchikana amangomeza. Nunkhadala mitundu yake yowala ija ndi fungo lija ndi chenjezo, amadya zomera zapoizoni, nkhuku zomwe zimamulambalala. Ziwala za mmunda wa chimanga kapena ku dimba la tomato simudziwa kuti anapoperako mankhwala liti, mphemvu za mnyumba nazo zimakhala zadutsa mmankhwala ophera tizilombo. Ngumbi ndi zamafuta kwambiri, sizingakhale chakudya cha tsiku ndi tsiku. Njira ya NaBanda ndi yomwe ndimatsata inenso, kuweta wekha, kaya mphutsizo kaya nkhululu zazing'ono mu chidebe muli makatoni a mazira, uzizidyetsa karoti ndi mpiru kuti zomwe zadyazo zikathere mwa buluzi. Musanampatse ziikeni mu kajumbo muli ufa wa kashiamu pang'ono nkugwedeza zituwe, kamodzi patsiku masiku asanu pa sabata.

Thoko_Soche

Asisi za kuzolowerana ndikuuzeni mmene ine ndinapangira ndi wanga chifukwa nanenso ndinalira sabata ziwiri zoyamba ndikuganiza kuti amandida. Chinthu chomwe sindinkadziwa nchoti pamwamba pa mutu wake pali kadontho kotuwa ngati kamamba kosiyana ndi ena, kayang'aneni bwino mukaona, ndi ngati diso lachitatu lomwe limazindikira mthunzi ukadutsa pamwamba. Kutchire chomwe chimabwera kuchokera kumwamba ndi mbalame yofuna kumudya. Nde thanki ya nsomba imatsegukira pamwamba, dzanja lanu likamatsika iye akuona kabawi, nchifukwa akudziwombetsa pagalasi ndi kudetsa ndevu. Si nkhanza ndi mantha chabe.

Sabata ino musamugwire nkomwe. Phimbani mbali zitatu za thanki ndi katoni kuti asamaone zoyenda mbali zonse, muikiremo pobisala ngakhale kamphika kadothi kosweka mbali. Muzikhala pafupi muzichita zanu, kulankhula naye pang'onopang'ono azolowere mawu. Kenako muziika dzanja pansi mkati mwa thanki kutali naye osaligwedeza mphindi zingapo nkulichotsa. Ine tsiku lachisanu ndi chimodzi anabwera yekha nkundinyambita chala, amalawa zinthu ndi lilime ndi mmene amadziwira. Akayamba kudya bwino muzimupatsa mphutsi ili pachikhatho. Pomunyamula dzanja lizichokera mmbali nkulowa pansi pa chifuwa, miyendo yonse inayi ikhale yaponda penapake, ndipo mukhale pansi pa mphasa chifukwa tiana timadumpha mwadzidzidzi. Osamugwira mchira, wake ukaduka suphukanso ngati wa nalimata. Yambani ndi mphindi zisanu. Mukaona akuzungulitsa mwendo wakutsogolo pang'onopang'ono ngati akukubayibitsani ndiye kuti akunena kuti ndakuonani sindikufuna ndewu.

Akamafundula khungu amatuwa nkumakwiya komanso kudya kumachepa, musamusende ngakhale khungu likulendewera, lizichoka lokha. Ndipo mukamugwira kapena kupukuta ndowe zake sambani mmanja ndi sopo chifukwa abuluzi amanyamula majeremusi otsegula mmimba otchedwa salmonella, asamafike kukhitchini, zimenezi zithandizanso kuti mayi mtima ukhale pansi. Anga nawonso ankakana, pano ndi omwe amandikumbutsa kuti mpiru wa mwana wako watha. Dziwaninso kuti amakhala zaka 10 kapena kuposa ndipo amakula mpaka pafupifupi theka la mita, thanki ya nsombayo ikhala yaing'ono chaka chisanathe, mukamakhomesa ina kwa kalipentala muwauze kuti chitseko chikhale kutsogolo.

Tiya_Chilomoni

Zikomo nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiyese kaye. Mchenga ndinachotsa usiku womwewo, thanki ndaichotsa pawindo, babu la halogen ndinalipeza ku Limbe ndipo pamwala pakufika 40. Tsiku lachiwiri ndinamupeza atakwera pamwalapo atadziyala phwathalala ngati chitumbuwa, thupi litayera kusiyana ndi mmene linalili, masana anadya mphutsi 14 zomwe NaBanda ananditumizira pa minibasi, ndinaziwerenga imodzi imodzi. Dzanja akulithawabe koma sakudziwombetsanso, amangopendeketsa mutu nkundiyang'ana ndi diso limodzi. Kadontho ka pamutu kaja a Thoko ndakaona.

Funso lina a Mavuto, dzulo magetsi anathima kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko ndipo kunali chiperoni dzuwa osatuluka, ndinasowa chochita mayi mpaka anati tiike mbaula pafupi. Masiku ngati amenewo mumatani?

Mavuto_Nyambadwe

Mbaula ayi, utsi wa makala mchipinda ungamuphe iye musanamve kanthu inuyo. Thirani madzi otentha mu botolo, likulungeni ndi thaulo kuti asapse, muliike pakona ya thanki nkufunditsa bulangete pamwamba kusiya kampata ka mpweya, likazizira musinthe madzi. Tsiku limenelo musamudyetse mpaka babu litayaka ola lathunthu, kuphonya chakudya tsiku limodzi sikumupweteka koma kudya ali wozizira kumamupweteka. Chubu cha UVB ndikuitanitsa changa kumapeto kwa mwezi uno, ndiuzeni kutalika kwa thanki yanu ndiitanitse ziwiri.