Kasitomala akufuna sitima ya ku Caribbean mu September: timugulitse bwanji?

Wogulitsa maulendo, Lilongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali banja la anthu atatu: bambo, mayi ndi agogo aakazi omwe amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Akufuna ulendo wa pa sitima wa mausiku 7 wonyamukira ku Miami sabata yachiwiri ya September, woima ku Nassau, St Thomas ndi St Maarten. Chawakopa ndi mtengo, komanso tchuthi cha bambo chili mwezi womwewo. Dipoziti sanapereke. Akuti ndiwalembere kuti madoko atatuwo akawaonadi, ndiponso kuti kukabwera namondwe ndalama zawo zibwerera zonse. Ndiwayankhe bwanji?

Wa maulendo a sitima, Manchester:
Achemwali, zinthu ziwirizo musalembe, chifukwa ngakhale eni sitima salonjeza zimenezo. Mgwirizano womwe uli pa tikiti umapatsa kampani ufulu wosintha njira, kudumpha doko kapena kusinthanitsa masiku popanda chipukuta misozi. Doko likadumphidwa amabweza msonkho wa dokolo ndi ndalama za maulendo a kumtunda amene munthu anagula kudzera m'sitimamo. Za tikiti yeniyeni zimabwerera pokhapokha kampani itathetsa ulendo wonse, kapena gawo lake ngati yadula masiku.

Mtengo watsikawo uli ndi chifukwa. Nyengo ya anamondwe ku Atlantic imayamba pa 1 June n'kutha pa 30 November, ndipo pachimake pake ndi cha pa 10 September, sabata yomwe asankhayo. Mu August ndi September anamondwe ambiri amabadwira kufupi ndi zilumba za Cape Verde n'kuoloka nyanja kulowera kumadzulo, ndiye zilumba zoyamba kukumana nazo ndi za kum'mawa kwa Caribbean. Namondwe Irma anasakaza St Maarten ndi St Thomas mu September 2017, patangopita masabata awiri Maria anagwetsa Puerto Rico. Ikafika October chiopsezo chimasamukira chakumadzulo, ku Jamaica, Cayman ndi Cozumel (chilumba cha ku Mexico), monga anachitira Wilma mu 2005.

Koma musawaopseze ndi za kumira. Sitima zimenezi zimathamanga pafupifupi makilomita 40 pa ola, pomwe namondwe, ngakhale mphepo yake ikuwomba pa 200, iye mwini nthawi zambiri amasuntha makilomita 15 mpaka 25 pa ola. Amaonekanso kukadali masiku angapo. Kaputeni amangomuzemba. Chomwe sichingathawe ndi doko la Miami, bwalo la ndege ndi hotela, ndipo ndalama za kasitomala zimatayika kumeneko.

Wa matikiti a ndege, Blantyre:
Achimwene anena zoona, ine ndiwonjeze za doko. Asilikali a US Coast Guard ndiwo amatseka madoko, ndipo amachita pang'onopang'ono potengera nthawi yomwe mphepo yamphamvu ifike. Gawo lililonse la chenjezo lili ndi dzina: kukatsala maola 72 amati Whiskey, 48 X-ray, 24 Yankee, apa sitima zochokera kunja sizilowanso, ndipo kukatsala maola 12 amati Zulu, doko latsekedwa kotheratu. Namondwe akadutsa satsegula pompo, amayamba ayendera njira ya sitima kuona ngati mwagwera zinthu.

Zotsatira zake zili pawiri. Omwe ali m'sitima amachedwa kubwera tsiku limodzi kapena angapo, omwe akudikira kumtunda ulendo wawo umafupika. Mu August 2017 namondwe Harvey atatseketsa doko la Galveston ku Texas, sitima zina zinapita ku New Orleans ndi ku Miami kukatenga chakudya ndi mafuta m'malo mobwerera kwawo. Choncho matikiti a ndege muwakonze motere. Afike ku Miami kukadali mausiku awiri sitima isananyamuke, osati umodzi, poti kuchokera ku Lilongwe ndi ndege zitatu ndipo imodzi ikachedwa zonse zasokonekera. Pobwerera agonenso usiku umodzi kumtunda. Ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi yosinthika. Mukagula padera kagawo ka mkati mwa America pofuna kutchipitsa, ndege yayikulu ikawasiya palibe yemwe adzawasamutse ulere. Hotela ikhale yolola kukansela mpaka maola 24 kapena 48.

Wa inshuwalansi, Johannesburg:
Mayi a ku Lilongwe, inshuwalansi igulidwe tsiku lomwe akupereka dipoziti. Mphepo ikafika makilomita 63 pa ola namondwe amapatsidwa dzina, ndipo kuyambira pamenepo makampani amamutenga ngati ngozi yodziwika kale. Polise (pangano la inshuwalansi) yogulidwa dzina litatuluka silipira chilichonse chokhudza namondwe ameneyo.

Muwerenge nokha mizere inayi iyi, musadalire kabuku kotsatsira. Woyamba, kuchedwa kwa ulendo: amayamba kulipira pakadutsa maola angati, ndipo amapereka zingati pa tsiku za hotela ndi chakudya. Wachiwiri, kuphonya sitima: kodi amalipira ndege yokaipeza pa doko lotsatira? Wachitatu, kudwala ndi kusamutsidwa mwachangu. Chipatala cha m'sitima chimalipiritsa mitengo ya ku America, ndipo mapolise ena omwe timagulitsa kuno safika pa nyanja pokhapokha mutawonjezera gawo la sitima. Wachinayi, zaka ndi matenda akale. BP ya agogo ilembedwe pa fomu, kubisa n'kudzipha nokha pa tsiku lokapempha ndalama.

Chomwe makasitomala samvetsa ndi ichi: mantha si chifukwa cholipirira. Sitima ikanyamuka koma iwo n'kukana kukwera poti aona nkhani pa TV, ndalama zapita. Ilipo polise yolola kukansela pa chifukwa chilichonse, imabweza theka kapena magawo atatu mwa anayi, imagulidwa m'masabata awiri kapena atatu oyamba dipoziti itaperekedwa, ndipo munthu akansele kukadali maola 48. Yambani mwafunsa ngati amagulitsa kwa munthu wokhala ku Malawi, poti ambiri amaisungira okhala ku America.

Wa maviza, Lusaka:
Tisanapite patali, viza ili bwanji? Sitima ikachoka ku Miami n'kukaima ku Nassau munthu watuluka mu America, ndipo St Thomas ndi dera la America, kenaka Miami kachiwiri. Pakufunika viza yolowera kangapo. Kuyambira August 2025 malamulo a viza ya alendo kwa a Malawi ndi a Zambia akhala akukhwima, kuyambira ndi chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 komanso mabwalo a ndege osankhidwa olowera ndi kutulukira. Ngati alibe kale viza yomwe nthawi yake sinathe m'pasipoti, musalandire dipoziti musanaone zomwe ofesi ya kazembe ikunena lero.

Njira ikasinthidwa, mapepala nawo amakhudzidwa. Sitima za ku New York zopita ku Bermuda nthawi zina zimakhotera ku Halifax kapena Saint John ku Canada pothawa namondwe, dziko lomwe limafuna viza yakeyake. Za ku Miami zimakonda kukhotera ku Cozumel, ndipo Mexico imalandira munthu amene ali ndi viza ya America yomwe nthawi yake sinathe, ndiye kumeneko kulibe vuto.

Wogulitsa maulendo, Lilongwe:
Viza ali nayo onse atatu, yolowera kangapo, ikutha chaka chamawa. Nanga ndiwauze angosiya September?

Wa matikiti a ndege, Blantyre:
Kwa ine inde. Ndi agogo m'gulumo, kumayambiriro kwa December n'kwabwino: nyengo yatha, mitengo ya Khrisimasi sinayambe. Bambo akambirane ndi kuntchito.

Wa maulendo a sitima, Manchester:
Apo ndisiyana nanu pang'ono, achimwene. Anena kale kuti tchuthi cha bambo chili mu September, ndiye mukawakaniza akagula okha pa intaneti popanda wowachenjeza. Sinthani njira, osati mwezi. Aonetseni ulendo wa mausiku 8 wochokera ku Miami kapena Fort Lauderdale wopita ku Aruba ndi Curaçao, zina zimaimanso ku Bonaire. Zilumbazi zili kufupi ndi gombe la Venezuela, kummwera kwa njira yomwe anamondwe ambiri amadutsa. Sindikuti kummwera kulibe ngozi, namondwe Beryl anaphwasula chilumba cha Carriacou ku Grenada pa 1 July 2024, koma mwayi woona madoko omwe alipira ndi wokulirapo. Doko lonyamukira likadali ku Florida, choncho zonse zomwe mwanena za ndege zikhale momwemo.

Pewaninso madoko omwe sitima imaima patali anthu n'kumatsika pa maboti ang'onoang'ono, monga George Town ku Grand Cayman ndi Belize City. Namondwe angakhale makilomita mazanamazana kutali, mafunde ake okha amakwanira kuti kaputeni alephereke kutsitsa anthu. Kebini (chipinda chogona) ikhale pakati pa sitima, pa nsanjika za m'munsi, m'mene mumagwedezeka pang'ono. Mankhwala a agogo akhale owonjezera a sabata yathunthu, m'chikwama cha m'manja, m'mabotolo ake enieni. A chizungulire monga meclizine ayambe afunsa dokotala. Maulendo a kumtunda agule a m'sitima, kapena a anthu akunja omwe alemba kuti sitima ikapanda kufika salipiritsa.

Wogulitsa maulendo, Durban:
Zomwezi zikumbukiridwe pogulitsa sitima za kampani ya MSC zochokera kuno kupita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique. Zimayenda chilimwe cha kuno, nthawi yomweyo ya anamondwe a m'nyanja ya Indian, kuyambira pakati pa November mpaka April, nyengo yomwe inatibweretsera Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023. Malo onse awiriwo amatsikira pa maboti, ndiye mafunde akakula anthu amangoona gombe ali m'sitima.

Wa inshuwalansi, Johannesburg:
Kukatsala sabata muziona nokha tsamba la National Hurricane Center, bungwe la ku America loona za anamondwe. Kukakhala namondwe amatulutsa uthenga maola 6 aliwonse, kwathu kuno imakhala 5 ndi 11 koloko m'mawa, 5 madzulo ndi 11 usiku. Chithunzi chawo cha njira ya namondwe, chomwe chimanka chitambasuka pa mapu, chimangoonetsa komwe pakati pa namondwe pangadutse m'masiku asanu, osati kukula kwake, ndiye doko lomwe lili kunja kwa chithunzicho likhoza kutsekedwabe. Musakansele ndinu oyamba. Dikirani uthenga wa kampani ya sitima, chifukwa wokansela yekha amagwa m'chilango cha pa tikiti, chomwe masabata omaliza chimakhala mtengo wonse.

Wogulitsa maulendo, Lilongwe:
Zikomo nonse. Mawa ndiwapatsa mitengo iwiri, wa Aruba ndi Curaçao mu September ndi wa njira yawo yoyamba mu December. Uliwonse ukhala ndi mausiku awiri ku Miami popita, umodzi pobwera, tikiti imodzi yosinthika ndi inshuwalansi ya tsiku la dipoziti. Ndilembanso tsamba limodzi loti asayine, lonena kuti madoko akhoza kusintha, masiku akhoza kuwonjezeka kapena kuchepa, ndi zomwe zimabwezedwa pa chilichonse. Bambo a ku Johannesburg, nditumizireni mafunso omwe mumafunsa makampani pa za agogo opitirira zaka 70, ndiyambe ndi amenewo.