Galimoto ili ku Dar, nambala ilibe, koma banki ikufuna comprehensive

aChirwa, Area 25: Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndaitanitsa Toyota Fielder ku Japan yoti ndiwonjezere pa car hire yanga, ndipo agent wa ku Dar es Salaam wandiuza dzulo kuti yatsika m'sitima, ituluka pa doko sabata ino. Ndalama za duty ndikubwereka ku banki, chikole chake ndi galimoto yomweyo. Tsono a banki akuti sapereka kalikonse ndisanawaonetse pepala la comprehensive, inshuwalansi yoteteza ndi galimoto yomwe. M'mawa uno ndinapita ku kampani ya inshuwalansi, mtsikana wa pa kauntala n'kundifunsa nambala ya galimoto. Ndiitenga kuti nambalayo? A Road Traffic sangailembetse msonkho wa MRA usanalipidwe, msonkho sindingalipire banki isanatulutse ndalama, banki ikudikira inshuwalansi, inshuwalansi ikudikira nambala. Ndangozungulira ngati mbuzi ya pachingwe. Inu munadutsamo bwanji?

Junior wa ma IT: Bwana musadzivute. Dulani third party basi, ija yolipira anthu ena okha mukawapweteka kapena kuwawonongera, ndi imene lamulo limafuna. Apolisi pa roadblock amangoyang'ana disiki ya inshuwalansi pa windscreen, safunsa zambiri.

aChirwa, Area 25: Junior, werenganso bwino. Si apolisi akundivuta, ndi banki.

aNachisale: Achimwene aChirwa, pepani ndi ulendo wachabewo. Ine ndinagwirako kwa broker zaka zingapo ndisanayambe zogulitsa magalimotozi, ndiye nkhani imeneyi ndaiona kambirimbiri. Mtsikanayo sanalakwe kwenikweni, amangotsatira fomu imene ili pa kompyuta yake. Mubwerere mawa, koma musaime pa kauntala. Mupemphe kuonana ndi a underwriting, amene amavomereza ma policy, muwauze kuti mukufuna cover note, pepala la inshuwalansi logwirizira, ya pa chassis number. Galimoto imadziwika ndi chassis, nambala ya pa puleti imabwera pambuyo ngati dzina la ubatizo. Mutenge invoice ya ku Japan, bill of lading, export certificate ndi kalata ya ku banki. Dzina la banki alilembe pa cover note pomwepo ngati mwini chikole, chifukwa chimene a banki akufuna kuona n'chimenecho: kuti galimoto ikatheratu pa ngozi, cheke chiyambe chadzera kwa iwo. Nambala ikadzatuluka mudzapite nayo, adzakonza policy ndi kukupatsani disiki yolembedwa bwino. Cover note imakhala ya masiku owerengeka, ndiye muone tsiku limene ikuthera, musadzaiwale.

aChirwa, Area 25: Achemwali mwandimasula. Ndiye kuti nkhani yatha?

aMwale, Karonga: Isanathe, ndilowererepo ine wa pa boda. Cover note imeneyo iyamba kugwira ntchito galimoto ili pati? Mufunse funso limenelo momveka, ndipo yankho likhale lolembedwa. Anthu ambiri amaganiza kuti akagula CIF, mtengo wophatikiza galimoto, inshuwalansi ndi sitima, ndiye kuti galimoto yatetezedwa mpaka pa geti la kwawo. Ayi. Inshuwalansi ya mu CIF ndi ya panyanja, mathero ake ndi pa doko la Dar. Policy ya kuno nayo, mukapanda kunena kanthu, mungapeze kuti ikuyambira pa boda ya Songwe. Pakati apa pali makilomita pafupifupi 900 a msewu wa ku Tanzania: Morogoro, nkhalango ya Mikumi kumene nyama zimadumpha msewu, mapiri a Kitonga kumene ma truck amakwera ngati akukankhidwa, Iringa, Makambako, Uyole, kenako kutsetsereka kwa ku Tukuyu ndi nkhungu yake mpaka Kasumulu. Ine ndimakhala pano tsiku lililonse, ndimaona ma IT, magalimoto ongotuluka kumene pa doko aja, akufika ena bampala ili pa mpando wakumbuyo.

Junior wa ma IT: Koma agent wa ku Dar amadula inshuwalansi ya pa msewu, timayenda nayo m'galimoto.

aMwale, Karonga: Udaiwerengapo iwe? Zimene ndaonapo ine ndi third party ya masiku ochepa. Ukagunda munthu kapena galimoto ya wina, imeneyo ithandiza. Fielder ya aChirwa ikagubuduzika pa Kitonga, palibe amene awapatse ngakhale tambala, pamene ngongole ya ku banki ili chilili.

aGondwe, Mzuzu: Mwale akunena zoona, ndipo ine ndinaphunzira ndi misozi. Zaka zapitazo ndinaitanitsa Sienta ya kasitomala wanga, mphunzitsi wopuma ntchito, ndalama zake za penshoni. Ndinachita zonse mwadongosolo, cover note ya comprehensive ndinadula, yoyambira pa Songwe. Galimoto inadutsa Tanzania yense bwinobwino, tinaiombola pa boda madzulo. Mnyamata amene ankayendetsa anaona kuti mipando seveni ikupita yopanda anthu, n'kunyamula matola pa Karonga: amayi atatu ndi madengu a usipa, ndi bambo wina wa matumba awiri a mpunga. Pokwera Chiweta usiku anakumana ndi truck itadya mbali yake pa kona, iye n'kuthawira kumwala. Mwamwayi palibe anamwalira, koma mbali yonse ya kumanzere inaphwanyika, usipa uli mbwee mu msewu. Apolisi polemba lipoti anafunsa amayi aja kuti inu ndi ndani m'galimotomu, iwo mosabisa anati takwera pa Karonga, talipira. Mawu awiri amenewo analowa mu lipoti. Kampani itawerenga inati policy yanu ndi ya private, galimoto imanyamula anthu olipira, sitikhudzidwa. Ndinayenda maofesi miyezi itatu, ndinalemba makalata, sizinaphule kanthu. Ndinagulitsa Vitz ya akazi anga kuti ndikonzetse ya aphunzitsi aja. Mpaka lero nkhaniyo ikatuluka kunyumba ndimadya nsima mwakachetechete.

Junior wa ma IT: Madala, si tonse timanyamula matola.

aGondwe, Mzuzu: Sindinatchule dzina lako mwana wanga, koma wayankha msanga bwanji?

aChirwa, Area 25: Hahaha. Koma nkhani ya aGondweyi yandiopsa mbali ina. Mnzanga wina amandiuza kuti polembetsa ndinene kuti galimotoyi ndi ya private, chifukwa premium, ndalama yodulira inshuwalansi, ya hire ndi yokwera. Akuti aliyense amatero.

aNachisale: Mnzanuyo adzakuthandizani kubweza ngongole? Pa fomu pali funso loti galimoto muzidzaigwiritsa ntchito yanji, ndipo yankho lanu ndi limene policy yonse yatsamirapo. Mukalemba private kenako ngozi n'kuchitika galimoto ili ndi kasitomala wa hire, zidzakhala za aGondwe zomwezi. A assessor, ofufuza ngozi a kampani, si ana, amafunsa amene anali pa chiwongolero, amafunsa kumene amapita, ena amafika mpaka pa tsamba lanu la Facebook pamene mwaika chithunzi cha galimotoyo ndi mtengo wake pa tsiku. Ndipo hire ili pawiri. Pali yopereka galimoto ndi dalaivala wanu, pali yongopereka makiyi kasitomala n'kudziyendetsera. Makampani amaziona mosiyana ziwirizi, ndipo yachiwiriyi ena amaikana kumene kapena amakweza excess, gawo limene mumalipira nokha pakachitika ngozi. Inu mumachita iti?

aChirwa, Area 25: Zonse ziwiri. Mabungwe amakonda ndi dalaivala, a maukwati ndi obwera kutchuthi kuchokera ku Joni amafuna kudziyendetsera.

aNachisale: Ndiye munene zonse ziwiri, zilembedwe. Mufunsenso za msinkhu wa woyendetsa ndi zaka zimene wakhala ndi laisensi, chifukwa ma policy ambiri amawonjezera excess woyendetsa akakhala wamng'ono kapena laisensi ikakhala yatsopano. Dalaivala wanu akhale ndi PrDP, chilolezo choyendetsa galimoto ya malonda, yosatha ntchito, COF, pepala loti galimoto ndi yoyenera pamsewu, nayo isadutse tsiku. Pa claim amayang'ana zonsezo asanayang'ane n'komwe galimoto.

aMbewe, Limbe: Ndafika mochedwa koma ndawerenga zonse. Palibe wakhudza za mtengo. aChirwa, mukalembetsa kuti galimotoyo ndi ya ndalama zingati?

aChirwa, Area 25: Ndimaganiza zolemba za pa invoice, kusintha madola kupita ku kwacha.

aMbewe, Limbe: Apo ndiye pamene ambiri timagwera. Invoice ndi mtengo wa galimoto ili pa doko. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: itabedwa lero ku Area 25, ndingafune ndalama zingati kuti ndiimikenso ina yofanana nayo pabwalo panga? Mmenemo muli invoice, za agent wa ku Dar, mafuta ndi dalaivala, duty yonse ya MRA, clearing, kulembetsa ku Road Traffic. Duty yokhayo mukudziwa mmene imalumira, moti mpaka mwakabwereka ku banki. Mukalemba za pa invoice zokha, premium itsika inde, koma galimoto ikatheratu sangakupatseni zoposa zimene munalemba. Ndiye pali ma policy ena ali ndi ndime yoipa kwambiri. Tiyerekeze galimoto ndi ya K20 miliyoni, inu mwalemba K10 miliyoni, ngozi yawononga za K4 miliyoni. Iwo amati munateteza theka la galimoto, ndiye tikupatsani theka, K2 miliyoni, n'kuchotsaponso excess. Mufunse ngati ndime imeneyo ilimo.

Chinanso, mtengowo musamangousiya chaka ndi chaka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, magalimoto anga atatu anali pa mitengo yakale. Ndinazindikira Axio itagundidwa kumbuyo pa Chichiri, nditamva mtengo wa boot ndi nyali ku ma spare. Kuyambira pamenepo kwacha ikangogwedezeka ndimapita kukakweza, kusiyana kwa premium ndimalipira mosadandaula.

aGondwe, Mzuzu: Koma musakwezenso mopitirira poganiza kuti mudzadyapo. Amalipira mtengo wa pamsika wa tsiku la ngozi. Zowonjezerazo mwangowapatsa mphatso.

Junior wa ma IT: Bwana Chirwa, ngati mukufuna zachangu ndili ndi munthu panja pa Road Traffic, amatulutsa disiki tsiku lomwelo, motchipa.

aNachisale: Junior, madobadoba ayi. Disiki yosindikiza kuseri kwa kontena imaoneka bwino pa galasi mpaka tsiku limene mwagunda mwana wa munthu, mukaimba ku kampani n'kumva kuti nambala imeneyo sakuidziwa. Makampani a inshuwalansi, ma broker ndi ma agent amapatsidwa chilolezo ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Makampani ake ndi odziwika, a NICO General, Britam, Reunion, General Alliance, UGI ndi ena, ma ofesi awo ali poyera. Tengani ma quotation atatu, koma poyerekeza musathamangire pa premium. Onani excess, onani malire a ndalama zimene angalipire munthu amene mwamuwonongera, onani ngati windscreen ndi kukoka galimoto zilimo. Ndipo mulipire ku akaunti ya kampani, risiti musunge. Premium yosalipidwa ndi khomo loyamba limene amathawira.

aChirwa, Area 25: Nanga za ku Tanzania zija tithana nazo bwanji? Yellow Card singathandize?

aMwale, Karonga: Yellow Card ya COMESA imagwira ku Tanzania, koma nayonso kwenikweni ndi yoteteza anthu ena amene mwawapweteka kapena kuwawonongera, osati galimoto yanu. Idzakuthandizani mtsogolo kasitomala akadzafuna kupita nayo ku Chipata kapena ku Mbeya. Pa ulendo uno njira ndi ziwiri. Pemphani kampani yanu iwonjezere transit kuchokera pa doko la Dar mpaka Lilongwe, dzina la dalaivala ndi laisensi yake zilembedwe. Akakana, uzani agent wa ku Dar akupezereni yoteteza galimoto yeniyeniyo, akutumizireni pepala muliwerenge galimoto isanatuluke pa geti. Apo ayi ikwezeni pa carrier, koma pamenepo mufunsenso ngati mwini carrier ali ndi goods in transit, inshuwalansi ya katundu amene wanyamula. Ndipo wina aijambule mbali zonse ili pa doko, ndi mileage yomwe, kuti pasadzakhale mkangano woti chilema ichi chinachokera ku Japan.

aChirwa, Area 25: Ndabwerako akuluakulu. A underwriting sanavute n'komwe, cover note ya pa chassis yatuluka, dzina la banki lilipo, ntchito talemba hire ya mitundu yonse iwiri. Transit avomera kuchokera ku Dar, andiwonjezera kandalama ndipo akuti dalaivala akhale yekha m'galimoto. Mtengo ndinawerengera monga ananenera aMbewe, premium yake ndinachita kukhala pansi. A banki alandira pepala, akuti ndalama za duty zilowa Lachitatu. aMwale, mapepala ndikutumizirani ku inbox kuti muyambe entry ya msonkho ku MRA. Dalaivala anyamuka Lachinayi pa basi.

aMwale, Karonga: Tumizani lero, Lachisanu pa boda pamadzaza.

aGondwe, Mzuzu: Mumupatse ndalama ya chakudya yokwanira, ndipo mumuuze kuti mpunga wa ku Kyela adzagula ulendo wina. Akafika pa Karonga andiimbire, Chiweta akwere kutacha.