Squat yakwera koma kudumpha kuli pomwe kunali, ndichite chiyani?

Kochi wa volleyball: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 19 wolemera makilogalamu 86. Chaka chatha squat yake (kunyonyomala n'kuimirira chitsulo chili pamsana) imalekera pa makilogalamu 95, pano akukweza 140. Koma pa neti ndi yemwe uja. Akadumpha n'kulemba ndi choko pakhoma, chizindikiro chikugwera pomwe chinali kale. Wayamba kundifunsa kuti zitsulozi tikunyamuliranji. Ndiwonjezere kulemera, kapena ndimuyambitse clean (kunyamula chitsulo mwachangu kuchoka pansi kufika pamapewa) ndi snatch (kuchikweza ulendo umodzi mpaka pamwamba pa mutu)?

Kochi wa othamanga: Achimwene, musawonjezere kaye. Nkhani yagona pa nthawi. Kuti minofu itulutse mphamvu zake zonse imafuna pafupifupi 0.3 kapena 0.4 ya sekondi, mwinanso kuposa apo. Phazi la wothamanga mamita 100 limakhala pansi pafupifupi 0.1 ya sekondi basi. Wodumpha pa neti ali ndi kanthawi kochulukirapo, komabe sikakwanira. Mnyamata wanuyo mphamvu ali nazo ndithu, kungoti zikamafika iye amakhala atachoka kale pansi. 140 ija amaikankha pang'onopang'ono, ndiye thupi laphunzira zomwe mwaliphunzitsa.

Wophunzitsa onyamula zitsulo: Ndiye pomwepo. Muyambitseni clean. Ubwino wake ndi woti sinamizika: chitsulo cholemera sungachifikitse pamapewa mozengereza, ukachedwa chimakutsalira m'munsi. Akakolo, mawondo ndi chiuno zimawongoka nthawi imodzi, ngati mmene zimachitira podumpha. Squat yopepuka ngakhale uyithamangitse bwanji, chakumapeto thupi limayamba kugwira mabuleki kuti chitsulo chisachoke pamsana, pamene pa clean umakankha mpaka kumapeto. Musayambe ndi kunyamula chitsulo kuchokera pansi. Ayambe ndi hang power clean, chitsulo chili pamwamba pa mawondo, chopanda mambale. Cha amuna chimalemera makilogalamu 20 pachokha, n'chokwanira kuphunzirira.

Fizio wa timu (wothandiza osewera ovulala minofu ndi mfundo): Bambo a zitsulo, ndikutsutseniko pang'ono. Phewa ndi dzanja la womenya mpira wa volleyball zimakhala zotopa kale. Kulandira chitsulo pamapewa kumafuna mfundo za manja zofewa ndi zigongono zotembenuka msanga, ndipo wosazolowera amachilandira ndi manja m'malo mwa mapewa. Ine ndi amene ndimawalandira akatero. Ngati masewera ali mkati, achite kukoka kokha, clean pull, n'kuchisiya chigwe. Awonjezere kudumpha atagwira trap bar yopepuka, chitsulo chija munthu amaima m'kati mwake. Snatch musaitchule n'komwe pakadali pano.

Wophunzitsa onyamula zitsulo: Mayi, clean sivulaza munthu, chimavulaza ndi kuphunzitsa mothamanga. Koma za nyengoyo ndavomera. Mphamvu zambiri zimatuluka pokoka paja, kulandira akhoza kudzaphunzira ligi ikatha.

Kochi wa rugby: Ine nkhawa yanga ndi yoti anthu akamva zoterezi amataya squat yonse, n'kumangodumphitsa ana. Changu chopanda mphamvu sichikufikitsa kutali. Mwana amene akulephera kukweza kulemera kwa thupi lake, ingomulimbitsani kaye, kudumpha kudzakwera kokha. Wanuyu wadutsa pamenepo, wapitirira kulemera kwake kamodzi ndi theka, n'chifukwa chake kilogalamu iliyonse yoonjezera sikumubwezera zambiri ngati poyamba. Koma tiuzeni, chaka chatha amalemera bwanji? Nanga zodumphadumpha mumachita nthawi yanji?

Kochi wa volleyball: Amalemera 80. Jump squat, squat yodumpha, timachita kumapeto, tikatha squat ndi maseti ena onse. Makilogalamu 60, marepu 12 (kudumpha maulendo 12 motsatizana pa seti imodzi), kupuma pang'ono.

Kochi wa rugby: Eya, si izi! Akunyamula makilogalamu 6 oonjezera m'thupi mwake, koma akufikabe pa choko pomwe paja. Ndiye zitsulo zagwira ntchito, mumuuze zimenezo asataye mtima.

Kochi wa othamanga: Koma marepu 12 atatopa kale, pamenepo simukuphunzitsa changu, mukuphunzitsa kupirira. Mafuta a ntchito yachangu m'minofu, phosphocreatine, amayamba kutha m'masekondi 10 oyambirira, ndipo amafuna mphindi zingapo kuti abwerere. Tembenuzani ndondomekoyo. Akatenthetsa thupi, zachangu zikhale zoyamba: marepu 3 mpaka 5 podumpha, 2 kapena 3 pokoka, kupuma mphindi 2 kapena 3. 60 ija yachuluka, itsike kufika pa 20 kapena 30. Muzimvetsera mapazi ake akamatera. Akayamba kugwa ndi chiphokoso kapena kudumpha kukatsika, seti yatha, ngakhale pepala likunena zina. Anyamata amadana nako kupuma, amaona ngati akuchita ulesi, koma musawamvere.

Kochi wa volleyball: Nanga squat yolemera?

Kochi wa rugby: Isungeni, koma ichepe. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, maseti 3 a marepu 3, ndipo mumuuze kuti ngakhale chitsulo chikuyenda pang'onopang'ono, iye azikankha ndi cholinga choti chiuluke.

Fizio wa timu: Ndipo muwerengere kudumpha komwe akuchita kale pabwalo. Mukaonjezera kwa ku jimu osachotsako kwina, mudzamva akudandaula pansi pa bondo. Poyeza ndi choko, muyeze tsiku loti wapuma, pakatha masabata 6, komanso mumuike pasikelo m'mawa womwewo.