Anansi athu a ku America atiitana ku Thanksgiving: tikafike bwanji?

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe ndakhala ndikulisinkhasinkha kwa masiku angapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pano alipo ena omwe anakhalapo pafupi ndi anthu a ku America. M'nyumba yoyandikana ndi yathu mukukhala banja lochokera kumeneko. Bambo amagwira ntchito ya zaumoyo, mayi amaphunzitsa ana awo awiri pakhomo, ndipo anawo anazolowerana kwambiri ndi anga moti masana ambiri amakhalira limodzi pansi pa mtengo wathu wa mango. Sabata yatha mayiyo anabwera kudzatiitana banja lonse ku chakudya cha Thanksgiving, tsiku lawo lothokoza la mu Novembala. Anati kwawo tsikuli limakhala Lachinayi, koma popeza kuno si tsiku latchuthi, iwo adzachita Loweruka, ndipo tikafike 3 koloko masana. Nditafunsa choti nditenge, anangoti chilichonse chomwe banja lathu limakonda.

Mmene ndinaleredwera ine, munthu woitanidwa sanyamula ndiwo popita kukadya kwa mnzake, chifukwa zimakhala ngati ukunena kuti eni nyumba sangathe kukudyetsa, komabe ndikuopanso kupita chimanjamanja pomwe andiuza okha kuti nditenge kanthu. Nawonso bambo a kunyumba, omwe ndi mkulu wa mpingo, akufuna kudziwa ngati mwambowu uli wachipembedzo asanavomere. Chonde tithandizeni nzeru.

Khukhi wopuma ntchito, Blantyre

Mayi, pitani ndipo mutenge mbale yanu popanda manyazi. Ine ndaphikira mabanja atatu a ku America pa zaka zambiri, ndipo pa tsiku limeneli mlendo aliyense ankabwera ndi chakudya chomwe waphika yekha, ngakhale akuluakulu a kuntchito kwa abwana. Kwa iwo kuteroko ndi ulemu, chifukwa kumapeputsa ntchito ya mayi wa pakhomo.

Ndikuuzeni zomwe zimachitika kukhitchini kuti mudziwe kukula kwa chomwe akuitanirani. Ndiwo yaikulu ndi nkhukundembo yathunthu yowotcha mu uvuni, yomwe m'mimba mwake amaikamo buledi wodulidwadulidwa wosakaniza ndi anyezi ndi zonunkhiritsa. Kuno nkhukundembo yonenepa sipezeka wamba, choncho tinkayamba kuifunafuna mu Okutobala, nthawi zina mpaka kukalankhula ndi mlimi kuti atisungire. Imatenga maola atatu kapena anayi pamoto, ndipo chaka china magetsi atazima pakati pa ntchito, ndinaidula nthulinthuli n'kuimalizira pambaula, ana ataima mozungulira n'kumakupiza makala. Pambali pake pamakhala mbatatesi yophwanya ndi mkaka ndi batala, msuzi wa nyamayo, zitheba, mbatata ya kholowa, ndi buledi wa ufa wachimanga yemwe sasiyana kwenikweni ndi chikondamoyo chathu.

Zinthu ziwiri ndi zomwe zinkawasautsa chaka ndi chaka. Choyamba ndi tizipatso tofiira towawasa totchedwa cranberry, tomwe kuno sitilimidwa. Aliyense wochokera kwawo ankapemphedwa kuti anyamuleko zitini m'chikwama, ndipo mayi wina ankasunga chitini chimodzi kuyambira Julayi osalola munthu kuchikhudza. Chachiwiri ndi maungu opangira payi, chakudya chotsekemera chowotcha mu uvuni. Kwawo Novembala ndi nthawi yomwe zokolola zangolowa kumene m'nyumba ndipo kuzizira kwayamba, pomwe kuno ndi nthawi yotentha, yobzala, ndipo maungu a m'munda anatha kalekale, choncho tinkagwiritsa ntchito butternut wa mu shopu. Mabuku awo ophikira amayeza ndi makapu ndipo kutentha amawerenga mu Fahrenheit, moti ndinachita kulemba pakhoma kuti 350 yawo ndi pafupifupi 180 pa uvuni wathu.

Ine ndinaona kuti khama lonseli ankachitira ana. Mwana yemwe wakulira kuno amadya nsima ndi dzanja, amalankhula Chichewa ndi anzake, ndipo agogo ake amangowaona pa foni. Makolo amafuna kuti mwanayo akadzabwerera kwawo asakakhale mlendo patebulo la abale ake. N'chifukwa chake m'nyumba zomwe ndinagwiramo ntchito, pa Khrisimasi ankapachika masokosi aakulu oikamo mphatso ngakhale kunja kukugwa mvula yamabingu, ndipo pa 4 Julayi, tsiku lomwe dziko lawo linalengeza ufulu wake mu 1776, ankawotcha nyama panja, patangotsala masiku awiri kuti ife tikondwerere lathu la pa 6 Julayi.

Mukandifunsa ine, phikani futali kapena mpiru wotendera, koma muyambe mwafunsa mayiyo ngati palibe yemwe thupi lake limadana ndi mtedza, chifukwa ana ena amadwala nawo kwambiri ndipo makolo a kumeneko satenga nkhaniyi mopepuka.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Zomba

Ndiyankhe mbali ya abambo. Thanksgiving si mwambo wa mpingo uliwonse ndipo mulibe nsembe kapena chilichonse chomwe Mkhristu angakhumudwe nacho. Ndi tchuthi cha dziko lonse la United States, chomwe chimagwa Lachinayi la pakati pa 22 ndi 28 Novembala, ndipo amachisunga Akhristu, Ayuda, Asilamu ngakhalenso osapemphera. Mabanja ambiri opemphera amayamba ndi pemphero lothokoza, choncho abambo asadabwe akapemphedwa kuti adalitse chakudya.

Nkhani yomwe ana amaphunzira kusukulu ndi ya mu 1621, pomwe Angelezi omwe anafika pa chombo cha Mayflower ku Plymouth, ku America, anachita phwando la zokolola zawo zoyamba pamodzi ndi eni nthaka a mtundu wa Wampanoag. Angeleziwo anali atataya pafupifupi theka la anthu awo m'nyengo yozizira yoyamba, ndipo eni nthakawo ndi omwe anawaphunzitsa kalimidwe ka chimanga. Koma kuti tsikuli lizisungidwa chaka chilichonse ndi dziko lonse zinayamba mu 1863, pomwe pulezidenti Abraham Lincoln analilengeza nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ndipo tsiku lomwe akutsatira lero linakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo mu 1941.

Pali mbali ina yomwe ndi bwino muidziwe ngakhale simudzaitchula patebulo. Zaka zotsatira, eni nthaka aja analandidwa malo ndipo ambiri anafa ndi nkhondo ndi matenda, kotero kuti kuyambira mu 1970 ena mwa iwo amasonkhana ku Plymouth pa tsiku lomweli kudzalira makolo awo. Ife omwe tikudziwa nkhani ya minda ya ku Thyolo ndi Mulanje sitingavutike kumvetsa chisoni chimenechi. Anthu ambiri a ku America amaidziwa mbiriyi, ndipo ena amaifotokozera ana awo pa tsikulo.

Namwino, Manchester

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma ndisiyane pang'ono ndi achikulire a ku Blantyre pa mfundo yoti zonse amachitira ana. Ine kuno ndimagwira ntchito ndi mayi wa ku Ohio, ku America, yemwe alibe mwana, koma chaka chilichonse amapempha tchuthi cha tsiku limenelo n'kuitana aliyense yemwe ali kutali ndi kwawo, kaya ndi wa ku Philippines, wa ku Nigeria kapena ine Mmalawi. Munthu wamkulunso amapukwa kwawo, ndipo ife omwe timayenda mtunda wautali kukasaka ufa woyera kuti tidye nsima pa Khrisimasi tikudziwa bwino mmene zimakhalira.

Mayi, akati 3 koloko ndiye kuti nyamayo aiwerengera kuti ipse nthawi imeneyo, choncho mufike pa nthawi yake. Konzekeraninso kuti mwina adzapempha aliyense, ndi ana omwe, kuti atchule chinthu chimodzi chomwe akuthokoza m'chakachi. Auzeni ana anu pasadakhale kuti asakachite manyazi. Madzulo mwina adzaimbira foni abale awo, popeza ku New York nthawi imatsalira ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku Malawi mu Novembala, ndipo akakuitanani kuti mupereke moni kwa agogo, musakane.

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Abambo awerenga yankho la aphunzitsi kawiri ndipo avomera, moti ayamba kale kukonza mawu a pemphero m'Chingelezi. Ndinapita kukafunsa za mtedza, ndipo zapezeka kuti mwana wawo wamng'ono saloledwa kudya ngakhale pang'ono, zomwe zandichititsa mantha ndikakumbukira kuti nsinjiro sizisowa m'khitchini mwanga pomwe iye amalowa tsiku ndi tsiku. Futali ndamusiya. Ndiphika chikondamoyo cha nthochi, ndipo ana athyola dengu la mango Loweruka m'mawa. Mayiyo atamva kuti ndili ndi mbaula ziwiri, anapempha kuti ndiwabwereke imodzi pamodzi ndi makala, kuti ikhale pafupi ngati magetsi angazime.