Ana obadwira kuno tingawathandize bwanji kumva zimene sizinanenedwe?

Makolo anzanga okhala mu Johannesburg, ndikupempha nzeru zanu. Ana anga anabadwira ku Rosettenville ndipo Chichewa amachilankhula bwino, koma munthu akalankhula mozungulira, tanthauzo limawadutsa. Agogo awo akaimba foni kuchokera ku Ntcheu mu Febuluwale n'kunena kuti "kuno chimanga sichinakhwime," anawo amangomva nkhani ya kumunda, pomwe ife amene tinakulira kumudzi timadziwa kuti m'nkhokwe mulibe kanthu, ndipo akuluwo akupempha thandizo mwaulemu chifukwa sangatchule ndalama mwachindunji.

Kodi inu mumawaphunzitsa bwanji ana amene sanaonepo miyezi ya njala? Kuwafotokozera pakamwa n'kokwanira, kapena ndi bwino kuwatumiza kumudzi pa tchuthi cha Disembala kuti akadzionere okha?